Kiyi wa Pa Ulusi

MUTU 6

1. Tiyi wa m'mawa

M'nyumba ya okonza njinga tiyi wa m'mawa sankamwedwa mwakachetechete. Tebulo linali laling'ono, mipando inali yosiyana miyendo, ndipo aliyense anali ndi kapu yake imene wina sankaigwira.

Tsiku limenelo pakati pa buledi ndi shuga panali buku lonenepa lachikuto chobiriwira. Analibweretsa ndi Mzime, mwana womaliza m'banjamo, yemwe anali mu Fomu 2. Analibwereka yekha ku laibulale ya kusukulu, koma tsopano linali ngati la nyumba yonse.

Bukulo linkanena za wamatsenga wina wa mumzinda waukulu, yemwe ntchito yake inali yofufuza milandu imene yawakanika apolisi. Ofesi yake inali pamwamba pa butchala. Ankayenda ndi mulu wa makiyi akale m'thumba, ndipo mmodzi mwa makiyiwo ankamumangirira ku ulusi. Akafika pamene pachitika zoipa ankamulendewetsa, kiyi n'kuzungulira mpaka kuloza munthu. Dzina la wamatsengayo linali lovuta kutchula, choncho kunyumbako ankangoti Chimakiyi.

"Munthu ameneyu ndi waulesi," anatero achimwene ake a Mzime. Iwo ankagwira ntchito kubekale, ndipo anali atangofika ufa uli m'tsitsi. "Anzake akutha nsapato kufunafuna mboni, iye wangoima ndi kaulusi kake. Atandipatsa ine kiyi ameneyo, mawa lomwe ndakhala bwana wa apolisi."

"Ukanayamba n'kufufuza amene amatha shuga m'nyumba muno," anayankha mayi, "ndipo kiyiyo akanakuthyola mphuno."

Mayi anali telala. Bukulo sanaligwirepo, koma ankalidziwa bwino chifukwa bambo akamawerenga mawu ankatuluka okha pakamwa.

"Ine zamatsengazo sizindisangalatsa," anapitiriza mayi. "Koma chimene chimandipweteka mutu ndi jekete yake. Tsamba ili thumba lang'ambika ndi makiyi, tsamba linalo lang'ambikanso. Mumzinda monsemo mulibe telala?"

"Mayi a ana inu, munthu ali pa mlandu wakupha, inu muli pa thumba," anatero bambo akupukuta zala pa thalauza asanagwire bukulo. "Ine ndimamukonda ameneyu. Amaopa agalu, amaiwala ambulera, akapsa mtima amalankhula zopusa n'kudzapepesa mawa. Ndi munthu ngati ife tomwe."

Bambo ankawerenga masamba ochepa patsiku, chala chili pa mzere. Pamene alekezera ankaikapo kachidutswa ka chubu. Lamulo lawo linali limodzi: wina asayerekeze kuwauza mathero. Mzime yekha ndiye anali atamaliza, ndipo akangotsegula pakamwa za bukulo bambo ankatseka makutu ndi zala n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo.

Koma m'mawa umenewo sanafunikire kutseka makutu. Mzime ankangozunguza supuni m'kapu.

"Lero ndiye tsiku la kalabu yanu ija?" anafunsa bambo.

"Inde, ababa. Bukuli libwerere lero."

"Ukawapemphe Madamu andibwerekenso. Ukawauze kuti pali mkulu wina wa Fomu ya pa shedi amene watsala pang'ono."

Onse anaseka kupatula Mzime. Iye anakankhira buledi wake kwa achimwene ake, natenga bukulo n'kuliika m'chikwama. Mayi ndi bambo anayang'anana.

2. Zimene zinachitika m'kalasi

Chimene chinamulepheretsa kudya Mzime chinachokera m'buku lomwelo.

Kalabu yowerenga mabuku inali ndi buku limodzi lokha la Chimakiyi, ofuna kuliwerenga ali ambiri. Madamu oyang'anira laibulale anakonza zoti aliyense azilitenga Lachisanu n'kulibweza Lolemba. Koma bukulo linali lonenepa, ndipo kunyumba kumakhalanso ntchito zina. Ambiri ankangofika pakati, Lolemba n'kukwana. Mzime anachita mwayi chifukwa anali womaliza pamzere, ndipo panalibe womuthamangitsa.

Enawo mathero ankawamvera kwa Wailesi. Ameneyu anali mnzake wapamtima wa Mzime kuyambira ku pulaimale. Anamutcha dzinalo chifukwa akayamba kulankhula panalibe potsekera. Iye ndiye anali woyamba kutenga bukulo, ndipo pa nthawi yopuma ankalifotokoza atakwera pa benchi, anzake kukamwa kuli yasa. M'mathero a Wailesi, kiyi ankaloza chigawenga, apolisi n'kuchigwira, mzinda wonse n'kuomba m'manja.

Kenaka kalikuleta ya Wailesi inasowa.

Wailesi anatenga kiyi wa kunyumba kwawo, anasolola ulusi ku juzi yake, naimirira pakati pa kalasi. Anthu anaseka, poti zinkaoneka ngati masewera. Kiyi anazungulira, anazunguliranso, n'kuima ataloza pakona pamene pankakhala mtsikana wina wofatsa. Mtsikanayo anabwera pasukulupo teremu ili mkati, choncho ankangomutcha Mlendo. Ankakhala ndi azakhali ake, ndipo anali asanapeze mnzake.

Mlendo ananjenjemera.

"Mwaonatu," anatero Wailesi. "Wosalakwa sanjenjemera."

Kuyambira tsiku limenelo, Mlendo akamadutsa anthu ankakumbatira zikwama zawo. Pabenchi pake anatsalapo yekha. Palibe anakanena kwa aphunzitsi, ndipo iye sanadandaule kwa munthu.

Nthawi imeneyo Mzime anali asanamalize bukulo. Atafika kumapeto anapeza kuti mathero ake sanali a Wailesi aja ngakhale pang'ono. Koma kalabu inali ndi lamulo. Madamu ankati unene maganizo ako onse, abwino ndi oipa, koma osaulula mathero, chifukwa ana a Fomu 1 ankabwera kudzamvera kuti asankhe buku loti abwereke. Woswa lamulolo ankakhala kunja kwa kalabu mpaka teremu itatha.

3. Pa shedi ya njinga

Shedi ya bambo inali m'njira ya kusukulu, pansi pa denga la malata awiri. Mzime anawanyamulira pampu monga ankachitira masiku onse. Atafika, bambo anatsegula bokosi la zida osafulumira.

"Mwana wanga, buledi wako wamusiyira mkulu wako. Zimenezo sizichitika pokhapokha ukudwala."

"Sindikudwala, ababa."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndikakuuzani ndikuonongerani buku."

Bambo anatembenuza njinga ina magudumu m'mwamba, nayang'ana chikwama cha Mzime ngati munthu woyang'ana chakudya chimene akumulanda.

"Nkhani yake ndi ya m'bukumo, kapena ya munthu wamoyo?"

"Ya munthu wamoyo."

"Ndiye ulula. Chimakiyi ndi wa papepala, sangandikwiyire."

Mzime anafotokoza za kalikuleta, za ulusi wa juzi, ndi za Mlendo. Kenaka anafotokoza za mathero. M'bukumo kiyi analoza mlonda wa pa siteshoni ya sitima, ndipo mlondayo anamangidwa. Patapita nthawi Chimakiyi anazindikira kuti kiyi wakeyo saloza wolakwa. Amaloza amene ali ndi mantha kuposa onse m'chipindamo. Wakupha weniweni analibe mantha, ndipo ankaima pafupi naye tsiku lililonse akumwetulira. Chimakiyi anatsekera kiyi uja m'dilowa, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu, mpaka anapeza kuti wakuphayo anali...

"Ima pomwepo," anatero bambo atakweza dzanja. "Kadzinako undisiyire. Wandidyera nyama yonse, fupa lokha usanditengere."

Mzime anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Bambo anazunguza gudumu la njinga ija, naika chala pafupi ndi limu, mkombero wa gudumulo.

"Ukuliona gudumu ili? Mwini wake anabwera dzulo akuti lapindika apa, akuloza ndi chala. Ndikanamumvera ndikanamanga masipoko a pamenepa n'kulionongeratu. Gudumu sulinena lisanazungulire lonse. Umalizunguza, n'kudikira libwerere pamene linayambira. Nthawi zambiri pamene likukhudza chala si pamene pali vuto. Pamakhala sipoko ina kutsidya imene yamasuka, ili phee ngati siikudziwa kanthu. Anzako aja aona theka la gudumu n'kuyamba kumanga. Si ana oipa ayi. Ndi ana othamanga. Koma wothamanga akakuponda, phazi limapweteka chimodzimodzi ngati wakuponda dala."

Anaimitsa gudumu lija ndi chikhato.

"Tsono ndikuchenjeze, usadzati bambo sananene. Ukakalankhula, mnzako uja achita manyazi, ndipo manyazi amaluma amene ali pafupi. Mwina sakulankhula mawa, mwina mwezi wonse. Madamu nawo ali ndi lamulo lawo, usakayembekezere kuti alifewetsa chifukwa ndiwe mwana wabwino. Ine sindikuuza chochita, wakula. Koma ukakasankha kulankhula, ukanene za buku, usakanene za munthu. Ukakasankha kukhala chete, ukadziwe kuti nawenso wagwirako ulusi uja."

Mzime anavala chikwama. Ali chapatali anamva bambo akudziyankhulira okha.

"Mlonda wosalakwa. Ine n'kumati ndi yemweyo, masamba onsewa."

4. Pakona ya golosale

Wailesi ankamudikira pakona ya golosale, monga mwa masiku onse. Asanapatsane moni n'komwe anali atayamba kale nkhani ya galu wa aneba awo. Mzime anadikira kuti apume.

"Mnzanga, buku lija unalimaliza?"

"Iii, ukufunsa ine? Ndinalimwa ngati madzi."

"Mathero ake si amene umatiuza aja."

"Aliyense amamva m'makutu mwake, chemwali."

"Kiyi uja amalakwitsa. Zalembedwa. Bwanji ukawauze wekha anzathu, lero lisanafike madzulo? Ukanena iweyo akumvera."

Wailesi anaima. Nkhope yake inasintha pang'ono, kenaka anaseka mokweza kuposa mmene nkhaniyo inalili.

"Ukufuna ndikakwere pa benchi ndikanene kuti ndinkanama? Iwe, buku lakulowa m'mutu. Ndipo tamvera, tagwirizana tonse kuti lero tikangoliyamikira basi, kuti Madamu akatipezere lachiwiri lake. Usakatisokoneze ndi nzeru zako za womaliza pamzere."

Anamugwira pamkono n'kubwerera ku nkhani ya galu.

5. Maganizo a owerenga

Kalabu inkakumana akaweruka. Laibulale inali chipinda chopapatiza chonunkhira polishi, ndipo windo limodzi linali lomata ndi katoni. Ana a Fomu 2 anakhala pa mabenchi, a Fomu 1 pansi. Mlendo anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Madamu anaika bukulo patebulo n'kupinda manja.

Anayamba ndi mnyamata wina amene ankamutcha Pulofesa chifukwa cha magalasi ake.

"Mzinda wake waulemba bwino, Madamu. Umachita kumva fungo la mvula pa phula. Koma mitu yake ndi yaitali. Munthu umayamba mutu uli ndi njala, pomaliza njala yatha yokha."

Mtsikana wina anati pamene agalu a utsi anamuthamangitsa Chimakiyi pansi pa mlatho, iye anachita mantha mpaka anakagona kwa mng'ono wake. Wina anati mayi ake atamva kuti muli zamatsenga analamula kuti bukulo lizigona pakhonde, koma tsiku lina anawapeza akuliwerenga pakhonde pomwepo. Wina anati akanakonda wofufuzayo akanakhala mkazi, chifukwa sakanaiwala ambulera.

Kenaka Wailesi anaimirira.

"Ine ndalipatsa malikisi onse, Madamu. Tipezereni lachiwiri. Phunziro lake ndi lomveka: wakuba sabisala, ndipo kiyi sanama."

Mitu ingapo inatembenukira kuchitseko. Wina anatsokomola dala. Mlendo anaweramitsa nkhope, nakumbatira chikwama chake chomwe ngati nachonso wina achiloza.

"Mzime," anaitana Madamu. "Iwe wakhala nalo nthawi yaitali kuposa onse."

Mzime anaimirira.

"Ndalikonda, Madamu. Pakati pake likutalika, zoona, ndipo sindinakonde mmene Chimakiyi amawayankhira mayi omuphikira aja. Kwathu mayi anga akuti asoketse thumba." Anthu anaseka. "Koma ndipempha kuti ndiswe lamulo."

"Chilango chake ukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa, Madamu."

Ana a Fomu 1 anayamba kudandaula, ena n'kutseka makutu. Wailesi anamukoka siketi, koma Mzime anapita patebulo, natsegula bukulo chakumapeto, n'kuwerenga.

"'Kiyi wangayu sadziwa wolakwa,' anatero wofufuzayo. 'Amangomva mtima umene ukugunda kwambiri. Ndipo m'chipinda chodzaza anthu, mtima umene umagunda kwambiri ndi wa munthu amene alibe womuimira. Ndamangitsa mlonda chifukwa choti anali yekha.'"

Anatseka bukulo.

"Amene anapha sindimutchula. Koma maganizo anga ndi awa: bukuli ndi labwino ukalimaliza. Ukalekezera pakati, limakuphunzitsa zosemphana ndi zimene likunena."

Ana a Fomu 2 anayang'anana.

"Nanga si Wailesi anatiuza kuti..." anayamba Pulofesa, koma sanamalize.

Wailesi anatenga chikwama chake, nadutsa pakati pa ana a Fomu 1, n'kutuluka osapempha. Aka kanali koyamba kuti achoke pamalo osasiya mawu.

Madamu anayang'ana mabenchi onse.

"Wina amene walimaliza bukuli akweze dzanja."

Palibe dzanja linakwera.

"Ndiye vuto layambira kwa ine, chifukwa ndinakupatsani masiku ochepa. Koma nanunso mukanatha kunena kuti Madamu, sindinamalize. Mawu amenewo si amanyazi. Chamanyazi ndi kuimirira pamaso pa anzako n'kupereka maganizo obwereka. Mukazolowera zimenezi pa buku, mudzazichita pa munthu. Mudzamva theka la nkhani pa chitsime kapena mu basi, n'kukafika nayo kunyumba ili ndi mutu ndi mchira zomwe mwaikako nokha. Buku mukalinamizira silimva kuwawa. Munthu amamva. Bukuli lizunguliranso kuyambira poyamba, ndipo aliyense azilibweza akamaliza. Za lachiwiri tidzakamba nonse mukadzafika tsamba lomaliza."

Anayang'ana nkhope imodziimodzi.

"Pali china chimene chikuchitika chimene ine sindikuchidziwa?"

Mzime anayang'ana kuchitseko, koma Mlendo anali atatuluka kale mwakachetechete.

Ena onse atapita, Madamu anamuitana.

"Uli kunja mpaka teremu ithe. Lamulo ndikalifewetsa kwa iwe, mawa aliyense adzabwera ndi chifukwa chake."

"Ndamva, Madamu. Koma bambo anga amati ndikupempheni muwabwerekenso bukuli. Atsala pang'ono."

Madamu anatsegula bukulo pamene panali kachidutswa ka chubu, naona kachala ka girisi m'mphepete mwa tsamba.

"Zala izi ndi zawo?"

"Amapukuta, Madamu, koma sizichoka zonse."

"Iwe waswa lamulo, koma bambo ako sanaswe. Akalimalize. Ukawauze kuti maganizo awo ndidzawafuna."

6. Msoko wolakwika

Mzime anabwerera kunyumba yekha. Njira imene masiku onse inkafupika ndi nkhani za Wailesi inatalika ngati yachilendo.

Anapeza mayi ali pa mashini pakhonde. Bambo anali atawauza kale zonse pa nthawi ya nkhomaliro. Mayi sanafunse zambiri. Anamupatsa siketi ya kasitomala ndi kalumo.

"Khala apa. Msoko uwu ndinaulakwitsa. Umasule bwinobwino, nsalu isang'ambike."

Mzime anayamba kudula ulusi umodziumodzi, uku akufotokoza mmene zayendera. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, phazi litaima pa chopondera.

"Wachita bwino, mwana wanga, koma usayende ngati wapambana mlandu. Ukuona msokowo? Kuusoka sikunanditengere nthawi, mashini anangoti dyoo. Kuumasula ndiye ukhala nawo mpaka dzuwa lilowe. Dzina la munthu ndi chimodzimodzi. Lero wauza anzako kuti kiyi amanama. Sunawauze kuti mwana uja sanabe. Zimenezo ndi zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho sichili m'buku. Komanso mnzako uja usamutaye. Munagawana chingamu muli ana osadziwa kupukuta mamina. Munthu akachita manyazi amafuna khomo lotulukira, ndipo ukamutsekera onse amasanduka mdani. Mawa ukakumana naye, moni uyambe ndiwe. Akakhala chete, iwe wapereka. Tsiku linalo uperekenso."

Bambo atafika, asanasambe n'komwe, anafunsa za bukulo. Mzime atalitulutsa m'chikwama analilandira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda.

"Akuti maganizo anu adzawafuna, ababa."

"Ukawauze akonze mpando waukulu."

Achimwene ake anali akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kubekale.

"Ndamva kuti bwana wanu Chimakiyi uja wayamba kuyenda wapansi ngati anzake. Ine ndinanena m'mawa muja."

"Iwe pita ukaphike buledi," anatero bambo osadzutsa mutu. "Milandu tisiyire ife."

7. Belu la m'mawa

M'mawa mwake Mzime anasiya pampu pa shedi n'kupitirira. Sankayembekezera kupeza munthu pakona ya golosale. Koma Wailesi anali pomwepo, atatsamira khoma, akukanda pansi ndi nsapato.

"Wadzuka bwanji, mnzanga?" anatero Mzime.

Wailesi anangoyamba kuyenda, Mzime n'kumutsatira. Anadutsa pa chigayo, anadutsa pa malo okwerera basi, pakamwa pa Wailesi pali potseka. Mayi wina wogulitsa nthochi, amene anazolowera phokoso lawo, anawayang'ana modabwa.

Atayandikira mpanda wa sukulu, Wailesi analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Ndinalekezera pa agalu a utsi aja."

"Ndinadziwa."

"Sunadziwe zonse." Anapuma. "Kalikuleta ija ndinaipeza tsiku lomwe lija, nditafika kunyumba. Mng'ono wanga anaitulutsa m'chikwama m'mawa, amaimbira ngati foni kuseri kwa nyumba."

Mzime anaima.

"Nthawi yonseyi?"

"Ndimati ndinena mawa. Mawa likafika, anthu ayamba kale kukumbatira zikwama, ine n'kuti ndinena mawa linalo. Undinyoze ngati ukufuna."

"Sindikunyoza. Koma amene akuyenera kumva zimenezi si ine."

Analowa pageti. Ana anali balalabalala pabwalo, ena akusesa, ena akukopera homuweki pa mawondo. Mzime anayang'ana pakhonde la ofesi ya ahedi, nagwira mkono wa mnzake.

Pakhondepo panaima mayi wina wamtali wovala yunifolomu ya kuchipatala. Pambali pake panali Mlendo, atavala diresi ya kunyumba, m'manja atanyamula mabuku onse a sukulu omangidwa ndi chingwe.

"Azakhali ake," anatero Mzime. "Akubweza mabuku. Akumuchotsa sukulu."

Belu linalira. Ana onse anathamangira kumizere yawo, ndipo mtsogoleri wa kalasi anayamba kuwakodola awiriwo kuti afulumire. Chitseko cha ofesi chinatseguka, Mlendo ndi azakhali ake n'kulowa.

Wailesi anatsegula chikwama, napisa dzanja pansi penipeni, n'kutulutsa kalikuleta yokulungidwa m'sokosi.

"Ukalowa nane?"

"Tiye."

Anadutsa bwalo lonse mosemphana ndi anzawo, maso a mizere yonse ali pa iwo. Atafika pakhonde anapeza chitseko chatsekedwa, mkati mukumveka mawu a azakhali aja. Wailesi anayang'ana Mzime, anapukuta dzanja pa siketi, nagogoda.

Mawu a mkati anaduka.

"Ndani?" anafunsa ahedi.